Masamba Omatana a M'kabuku ka Amakiyi

Mdzukulu wanga anabadwa mapazi onse awiri atapindikira m'kati. Adokotala anati tisade nkhawa, tizipita naye Lachiwiri lililonse azikamuika chikhakha, mapaziwo adzawongoka, bola tiyambe mafupa asanakhwime. Mwana wanga, mayi wake wa khandalo, anavomera bwinobwino. Kenako kunabwera Amakiyi.

Amakiyi ndi mayi amene amasunga makiyi a kabati ya mabuku kutchalitchi kwathu. Munthu ukagwa m'mavuto, iwo sabwera ndi sopo kapena shuga ngati anzawo. Amabwera ndi kabuku, atapindiratu makona a masamba oti uwerenge. Amuna anga atamwalira anandibweretsera konena za uchidakwa, maliro asanathe n'komwe sabata. Ndinachirikizira mwendo wa tebulo, mpaka lero kali pomwepo.

Ulendo uno anabwera ine ndili kumsika. Anasiyira mwana wanga kabuku kobiriwira konena za tchimo ndi chilango. Poti mwanayo anatenga mimba asanakwatiwe, ndipo mwini mimbayo anathawa.

Lolemba m'mawa ndinamupeza atakhala pabedi, maso ali psuu.

"Amayi, mawa kuchipatala sindipita."

"Chifukwa?"

"Chilango cha Mulungu sawongola ndi chikhakha. Ndinachimwa ndine. Ndingovomereza."

"Wachimwa ndiwe, ndiye opindika n'kukhala mapazi a mwana? Mulungu wakeyo ndi wosalozetsa chonchi? Patse kuno kabukuko."

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu. Ndimawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, ndipo kudumpha sindidziwa. Ndinakhala pakhomo n'kuyambira pachikuto penipeni. Masamba opindidwawo analidi owawa: matenda a ana ndi malipiro a zochita za makolo, wochimwa asadandaule akalandira zake. Mtima unandiwira. Nditafika tsamba lachisanu ndi chimodzi ndinapeza kuti otsalawo satseguka. Anamatana onse gwaa ngati thabwa. Denga la tchalitchi limadontha pamwamba pa kabati pomwe, ndinakhala ndikunena zaka zitatu, osandimva.

Ndinawiritsa madzi m'ketulo, n'kuika kabukuko pa nthunzi, n'kumalekanitsa masambawo ndi mpeni pang'onopang'ono. Tsamba lotsatiralo linayamba ndi mawu akuluakulu akuti zonse zalembedwa kumbuyozi ndi zonena za anthu, tsopano tione chifukwa chake n'zabodza.

Ndinapita kutchalitchi ndi kabukuko kakadali konyowa. Amakiyi ndinawapeza akupukuta mabenchi.

"Mayi, kabuku aka munakawerenga?"

"Kangapo konse. Ndakabwereketsa kwa anthu oposa khumi."

"Mpaka pati?"

"Pamene pali zofunika."

"Pamene panalekezera mvula. Inu mumamva funso lokha n'kuthamanga nalo m'makomo mwa anthu ngati nkhuku yatola chitsononkho. Tiyeni kwathu mukawerengere mwana wanga pamene ndaika chalapa. Magalasi muli nawo."

"Koma anzanga, mawu ake amenewo?"

"Mawu abwino ndinakwirira limodzi ndi amuna anga. Nyamukani."

Ananyamuka, makiyi ali wecheweche m'chiuno. Anakhala pampando wa pafupi ndi bedi n'kuyamba kuwerenga mokweza, mwana wanga atayang'ana kukhoma. Wolembayo sananyengerere. Anati tchimo lilipodi, ndipo lili ndi zowawa zake zimene munthu amadzikokera yekha. Koma anati Mulungu sapotoza thupi la khanda pofuna kukhaulitsa mayi wake, ndipo wolapa wakhululukidwa basi, palibe zotsalira zoti mwana amalizitse. Anatinso ukaona wodwala usafunse kuti analakwa ndani, uzifunsa kuti pakufunika chiyani.

Pamenepo Amakiyi anasiya kuwerenga. Anavula magalasi n'kumapukuta ndi mpango nthawi yaitali, chikhalirecho anali oyera kale.

"Ndinapatsanso mayi uja wa mwana wakhunyu," anatero chapansipansi.

"Ndiye mukadzatuluka pano mukudziwa kolowera."

Mwana wanga anatembenuka. "Bwerezani paja pa khanda, amayi."

Amakiyi anabwereza. Mwana wanga ananyamula khanda lake, n'kugwira timapazito m'dzanja limodzi. Kenako anandifunsa ngati thewera lija ndinachapa lauma, poti mawa tilawirira.

Tapita kale kanayi. Phazi lakumanja layamba kuloza kutsogolo, ndipo mwiniwake amandimenya nacho chikhakhacho pamimba ndikamamusintha. Loweruka lapitali ine ndi Amakiyi tinatulutsa mabuku onse m'kabati, ketulo ili pambali. Omatana tinapeza asanu ndi anayi. Sitinayanjane kwenikweni, koma mpeni amagwira bwino.

Amene akufuna kabuku kobiriwirako akafunse kwa iwo. Kakwinyika, kakununkha chinyontho, koma n'kabwino. Mukawerenge mpaka kumapeto. Ka pansi pa tebulo kaja ndiye sindinakatulutsebe. Mwina nakonso kali ndi tsamba lachisanu ndi chiwiri, koma tebulo lingagwedere.