Gwedeza Kawiri

"Dina pamenepo, iwe! Nthawi ikutha!" anatero bambo aang'ono, chala chikugogoda foni ya malemu.

Wachisamba anaikokera foniyo pachifuwa pake. Panali patangotha masiku atatu chiikireni bambo ake m'manda, mipando yobwereka idakali mbwee pabalaza. Uthengawo unafika m'mawa pa imelo ya malemu, ndipo unkati ukuchokera kukampani imene bambo ankasungako ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito. Ankapepesa malirowo mwaulemu wake, koma ankati akauntiyo aitseka 12 koloko masana, pokhapokha achibale atadina linki n'kulemba pasiwedi.

M'menemo munali thukuta lonse la bambo, la zaka makumi atatu akudula makiyi ndi kukonza maloko. Atagulitsa shopu yawo, ananena ndi pakamwa pawo kuti zimenezo n'zoti mayi adzadyere ukalamba. Kwina kulikonse kunalibe kanthu.

Pasiwedi inali m'kabuku kamene bambo anamupatsa Wachisamba ali gone m'chipatala. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri. Wachisamba ankachita mantha.

"Sukulu yonse ija ya unamwino, kudina kokha kukukanika?" anafunsa bambo aang'ono. "Zikatsekedwa, amako uziwadyetsa chiyani? Jakisoni?"

"Koma imfayi aidziwa bwanji, bambo aang'ono? Ife sitinawauze."

"Dziko lonse likudziwa! Ndinalengeza ndine pa intaneti. Chithunzi, nambala, imelo, zonse, kuti anthu apepese." Ananena modzitama, ngati munthu amene wagwira ntchito yoti athokozedwe.

Mayi anali khale pakona, atafumbata chipewa cha malemu. "Alamu, musamukalipire mwana," anatero motsitsa mawu. "Koma iwenso mwanangu, ngati n'kudina, dina. Ine sindingapirire kutaya mwamuna ndi zonse anasiya sabata imodzi."

Mawuwo anamulasa mtima Wachisamba. Anayang'ananso uthengawo. Chizindikiro cha kampani chinalipo, mitundu yake yomweyo, chilichonse chili m'malo mwake. Anatsegula kabuku kaja, chala chayandikira kale pa linki. Ndiye anaona kuti m'munsi mwa pasiwedi bambo analembamo mzere wina ndi zilembo zawo zopendekera: Uthenga wopanda mawu anga si wawo. Usadine.

Mawu awo ati? Anabwerera m'mauthenga akale a kampaniyo, a mwezi watha, a chaka chatha. Uliwonse unali ndi kabokosi pamwamba, ndipo m'kabokosimo munali mawu awiri okha: Gwedeza kawiri.

Wachisamba anatsala pang'ono kuseka, misozi ili lengelenge. Amenewo anali bambo ndithu. Munthu uja akakhoma chitseko ankayenda mapazi awiri, n'kubwerera kudzagwedeza loko, n'kugwedezanso. M'nyumbamo ankawatcha Akayikira, ndipo mayi ankadandaula kuti palibe ukwati umene anafikako pa nthawi yake chifukwa cha khalidwe limeneli.

"Kampani imauza mwini akaunti kusankha mawu achinsinsi oti azikhala pa uthenga uliwonse woona," anafotokoza. "Onani, onsewa ali nawo. Wa lerowu ulibe. Ndi akuba awa. Aona chilengezo chanu chija."

"Nanga ngati angoiwala kulemba? Ukusamba m'manja, n'kusiya amako akuvutika?"

"Sindidina."

"Mwana iwe, ine ndine bambo wako tsopano!"

"Pepani, bambo aang'ono. Amene analemba m'kabuku umu ndi bambo anganso."

Anaiika foniyo chafufumimba patebulo n'kuipsinja ndi dzanja. Wachisamba ankadzifunsa kuti akalakwitsa adzawayang'ana bwanji mayi kumaso. Bambo aang'ono ankangoyendayenda pakati pa mipando, akutsonya. Wotchi inakwana 12 koloko, n'kupitirira.

Apo m'pamene anatembenuza foniyo. Linki ija sanaikhudze. Analowa kudzera pa pulogalamu ya kampani imene bambo anaika okha m'fonimo, nalemba pasiwedi ija. Akauntiyo inatseguka bwinobwino. Zonse zinalimo.

"Zilipo, amayi. Mawa ndiwalembera eni ake enieniwo, atiuze njira yoyenera."

Bambo aang'ono anakanda m'mutu, nati akupita kukafufuta chilengezo chija, ngakhale kuti iwo sankaona kuti analakwa chiyani.

Mayi anadzuka pang'onopang'ono. Anatenga foni ndi kabuku kaja, naziika m'dilowa ya kabati pamodzi ndi chipewa, n'kukhoma. Atayenda mapazi awiri anaima. Anabwerera, nagwira chogwirira cha dilowayo n'kugwedeza, kenako n'kugwedezanso.