Tiyi wa Mabwana

Madzi osefukira a chaka chija anatenga zinthu ziwiri pakhomo pa Emelia kwa Mlolo: khola la nkhumba, ndi mwamuna wake Raphael amene anabwerera kuti akalitsekule. Mtembo sunapezeke. Abale anadikira sabata ziwiri, kenako anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu n'kuliika m'manda kuti maliro athe.

Nkhumba zija sizinafe. Zinalowa m'bango la kudambo, zinaswana, zinamera ubweya ngati nguluwe. Patatha zaka ziwiri zinayamba kutuluka kudzafukula mbatata kudimba la Emelia, masanasana, zopanda ndi manyazi omwe. Dimbalo ndi lokhalo limene iye ndi mwana wake Rosa akanadya mpaka mapira atacha. Pa mizere makumi awiri, isanu inapita sabata imodzi.

Tsiku la msika anapita kwa Augustino, wogulitsa mankhwala a makoswe.

"Nkhumba si khoswe, mayi," anatero Augustino. "Pafunika tameki mapaketi anayi."

"Undipatse anayi pa mtengo wa awiri. Wakhala padzuwa chiyambire Pasaka ameneyu, wasukuluka."

"Nkhabe, sizingatheke! Ndiye ine ndidya chiyani?"

"Udya tameki wakoyo. Tamanga, ndili ndi ntchito."

Augustino anamanga akupukusa mutu. "Koma zikafa mukwirire mozama. Anyamata a chiwaya safunsa kuti nyama yafa bwanji."

Emelia anasakaniza tameki ndi madeya m'beseni lakutha n'kuliika kumapeto kwa dimba, cha kubango. Masiku atatu nkhumba zinabwera, kununkhiza beseni, n'kulidutsa. Yotsogolera inali yaikazi, yokalamba, khutu lakumanzere lodulidwa pawiri. Emelia anaudziwa mpeni umene unadula khutulo.

Ndiye anakumbukira. Nkhumba za Raphael sizinkadya za m'beseni popanda kuitanidwa. Mwamunayo ali mnyamata anadulako nzimbe ku esiteti, ndipo ankaona akuluakulu akuitanidwa kukamwa tiyi iye akupsa ndi dzuwa. Chibwerereni kumudzi, nkhumba zake ankaziitana chimodzimodzi: kumenya khasu lothyoka ndi msomali katatu, n'kufuula kuti, "Mabwana, tiyi!" Mudzi wonse unkaseka.

Khasulo linalipobe kuseri kwa nyumba. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, Emelia anaima pafupi ndi beseni. Kunalibe mphepo. Anamenya. Ngwe, ngwe, ngwe.

"Mabwana, tiyi!"

Bango linatseguka. Zinatuluka khumi ndi imodzi, pamzere, osalira ngakhale imodzi. Yakhutu lodulidwa inafika pabeseni, inamuyang'ana Emelia kumaso, n'kutsitsa mphuno.

Ngwe, ngwe, ngwe.

Emelia anayang'ana manja ake. Msomali unali chikhalire pakati pa zala. Kulirako kunachokera m'kati mwa bango, kumene matope amameza munthu mpaka pachifuwa, kumene ngakhale asodzi salowetsa bwato.

"Mabwana… tiyi."

Mawu anali osasa, olemera, ngati a munthu wolankhula madzi ali m'kamwa. Koma kakokedwe ka "tiyi" kanali komweko. Nkhumba zinatembenuka zonse pamodzi n'kubwerera mmene zinabwerera. Apa m'pamene Emelia anaona chimene maso ake ankachikana masiku onsewa: zinali zonenepa, misana yosalala, ngati ziweto zoti wina amazisamala.

Akanathawa, koma pothawa akanaponda mizere yake, ndipo ataiyang'ana mizereyo mantha anasanduka ukali.

"Bambo a Rosa!" anakuwa. "Ndi inu eti? Ife tinalira, tinameta, tinaika nthochi, inu muli phee kuweta nkhumba? Munasiya mwana padenga n'kuthamangira khola. Lero mabwana anuwa akumudyeranso pakamwa!"

Analoza mizere ndi msomali uja.

"Tamvani, ine sindibwereza. Mizere iwiri ya kubangoyi ndi yanu. Inayo ndi ya Rosa. Zikadumpha, tameki ndimubaya m'kati mwa mbatata zenizenizo, tione ngati muzitha kuziitana zili gada."

Patapita kanthawi, khasu linalira m'bango. Kanayi.

"Inayi? Mwapenga! Kumadziko kwakudyani mutu? Itatu. Ndamaliza."

Anadikira mpaka mthunzi wake utatuluka pansi pa mapazi. Sikunamvekenso kanthu. Anakumba dzenje lofika m'chiuno, anakhuthuliramo madeya aja n'kukwirira. Paketi imodzi imene anasunga anaimanga m'jumbo pamwamba pa nsungwi yayitali, n'kuizika pakati pa dimba kuti izioneka kuchokera kubango. Kunyumba sanauze munthu. Rosa atafunsa chifukwa chake sakudya, anati mutu.

M'mawa mwake anapita mame asanaume. Mizere itatu ya kubango inali itafukulidwa yonse, osatsala ndi kambatata komwe. Wachinayi unadyedwa mpaka pakati penipeni, n'kulekera pomwepo ngati wina anayeza ndi chingwe. Kupitirira apo masamba anali chiimire, osapondedwa.

Pamene zinalekerapo panali phazi la munthu. Limodzi lokha, lakumanja, lopanda chala chaching'ono, chija cha Raphael chimene chinapita ndi chikwanje cha nzimbe. Dothi lonse linali louma, koma m'phazimo munali madzi.

Emelia analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu n'kutola khasu.

"Itatu ndi theka," anatero, osayang'ana kubango. "Simunasinthe."

Mizere yotsalayo anakumba yekha, ndipo inawafikitsa ku mapira. Chaka chotsatira, pounda mizere, anawonjezera itatu ndi theka cha kubango. Rosa atafunsa kuti imeneyo ndi ya ndani, Emelia anati, "Ya mabwana. Tatola mbewu, usandichedwetse."