Mutu Wobowolera Wamano Ochepa

Pa msewu wa mashopu a zitsulo aliyense ankamutcha Chiimire, chifukwa chiyambire ntchito yosula ndi kuwotcherera palibe anamuonapo atakhala pansi. Koma mwezi umenewo ngakhale anzake a mashopu oyandikana anayamba kudandaula kuti kuyendayenda kwake kukuwachititsa chizungulire.

Chinamusowetsa mtendere chinali thanthwe limene anali asanalione n'komwe. Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ankayendetsa makina obowola mijigo, ndipo anali pa kachipatala kena kunja kwa tauni kumene chitsime chakale chinauma. Dothi analidutsa, mwala wofewa anaudutsa, koma atafika pansi kwambiri anakumana ndi thanthwe lakuda, makina n'kukakamira pomwepo. Mutu wobowolera, chitsulo cholemera chamano kunsonga chimene chimamenya mwala, unkangovina pamalo amodzi. Poutulutsa, mano anali atasalala ngati sopo wakutha.

Wokonza mitu yotereyi anali Chiimire. Woyamba anauika mano atsopano, unabwerako wosalala. Wachiwiri anauchulukitsira mano mothithikana mpaka m'mphepete, koma umenewo unatentha mpaka kusintha mtundu. Mlamu wake anaubweza yekha, n'kuugwetsa pakhomo pa shopu osalowa. Ananena kuti mwini makina wayamba kale kukamba zosamukira kwina, ndipo achibale a odwala akutunga madzi kutali ndi zidebe.

Mkazi wa Chiimire ndiye anali pa moto: m'mawa foni ya mchimwene wake, madzulo mwamuna wake akuzungulira pabalaza, chakudya chikuzizira. Tsiku lina anamuimirira kutsogolo.

"Abambo, mukukangana ndi mwala muli kuno? Pitani mukaumve nokha, simenti ya m'nyumba muno ipumeko."

M'mawa mwake anakwera minibasi. Anapeza makina akubangula, kompresa ikupopera mpweya m'mapaipi, koma paipi yapamwamba sinkatsika ngakhale pang'ono. Anazungulira galimoto yonyamula makinawo, nabwerera, nazunguliranso. Kenako anatchera dzanja pakamwa pa dzenje pamene pankatuluka fumbi, n'kulitikita ndi zala. Linali losalala ngati phulusa, lopanda kamwala n'kamodzi komwe. Anafunsa ngati zakhala choncho nthawi yonseyi. Mlamu wake anakuwa kuti pa mwala wam'mwamba pankatuluka tizidutswa ngati zikhadabo, fumbili layamba pa thanthwe lakudali.

Chiimire anapempha kuti atulutse mutuwo nthawi yomweyo, asanautsuke. Mlamu wake anang'ung'udza, poti kumasula mapaipi onsewo ndi ntchito yothyola msana, komabe anatulutsa. Pakati pa mano panali patamatirira fumbi louma gwa, ndipo mabowo otulukira mpweya anali atatsala pang'ono kutsekeka. Apa m'pamene anaona chimene chinkachitika pansipo. Mwala unkasweka ndithu, koma zoswekazo zinalibe potulukira, choncho mano ankangopera zimene aswa kale. Mano amene anawonjezera aja ndiwo anatseka njira yonse.

Anabwerera ku shopu ndi mutuwo osatsanzika bwino. Anazula mano ena, otsalawo nawatalikitsa, kenako anatenga gilayinda n'kusema ngalande zikuluzikulu kuchokera pa mabowo a mpweya mpaka m'mphepete. Akasema pang'ono ankaima, kutuluka panja, kubwerera, kuyeza ndi chala. Chinkamuopsa n'chakuti ngalande ikazama kwambiri chitsulo chimafooka, ndipo mutu ukathyokera pansi, dzenje lonse latayika.

Atafika nawo, mlamu wake anauzunguza ndi phazi.

"Alamu, ine ndinapempha chobowolera. Mwandibweretsera nkhama za agogo."

Chiimire sanaseke. Anafotokoza za ngalandezo, ndipo sanabise kuti mutuwo ukhoza kusweka. Mlamu wake anayang'ana kukhonde la chipatala kumene amayi ena anakhala ndi zidebe zopanda kanthu. Anati ngakhale ausiye, dzenjelo lifa ndithu makina akasamuka, ndiye bola kufa ukuyesa. Anauza anzake aumange ku paipi.

Mapaipi anatsika imodziimodzi, Chiimire akuyenda kuchokera pa kompresa kukafika pa mpanda n'kubwerera. Mutu utagunda thanthwe, phokoso linali lomwe lija logonthetsa m'khutu. Kenako linasintha, linayamba kumveka lokhakhala, ndipo kanthu kanamulasa patsaya. Anatola: kachidutswa kakuda, kakuthwa konsekonse. Tina tinayamba kugwa pa zipewa zawo ngati matalala, paipi n'kuyamba kutsika mooneka ndi maso.

Koma mtima wa Chiimire sunakhale m'malo. Makina akangosintha kaliridwe, iye ankaona ngati chitsulo chathyoka, n'kuthamangira kwa mlamu wake, amene pomaliza anamuuza kuti akaime kumpanda asanamumangirire pa tayala. Dzuwa litapendeka, fumbi linayamba kuda ndi chinyezi, kenako matope, kenako madzi ofiirira anathovoka m'mwamba n'kunyowetsa onse. Kukhonde kuja kunabuka nthungululu, namwino wina n'kutuluka magolovesi ali m'manja.

Chiimire anadikira mpaka mutu unatuluka. Atautsuka, anaona mng'alu woyambira pakona pa ngalande imodzi, utayenda mpaka pafupi ndi pakati. Anaitana mlamu wake n'kumuonetsa. Uja anauyang'ana nthawi yaitali, napukuta nkhope.

"Ukanathyokera pansi umenewu, mlongo wanga akanagona wamasiye lero."

Koma Chiimire ankangoyendetsa chikhadabo mumng'alumo. Kona anaisema yakuthwa kwambiri, ikanayenera kukhala yobulungira. Mwinanso ngalande zikanachepako kuzama n'kukula m'mbali. Mlamu wake anati akamaliza kuika mapaipi a mjigowu akupita kudera lina la miyala yokhayokha, ndipo safuna kumva kuti mutu wina sunakonzedwe.

Chiimire anaukulunga m'thumba n'kupita nawo kumsewu. Minibasi yoyamba inaima, koma kondakitala atayesa kunyamula thumbalo anapukusa mutu, galimoto n'kunyamuka. Anadikira pang'ono, kuyang'ana uku ndi uku, kenako anausenza paphewa n'kuyamba kuyenda kulowera ku siteji yakutsogolo.