Nyemba ya m'mphuno mwa Vitalis

Vitalis amagwira ntchito ya makompyuta ku Ginnery Corner, ndipo ndi munthu woti atapeza mpata angalembe manambala ngakhale masokosi ake. Ukwati wake utayandikira, anaika abale onse mu detabesi, kaundula wa pakompyuta, kuti kompyutayo igawe yokha mipando kuholo ya ku Limbe. Aliyense anali ndi mzere wake, koma bokosi la "Mayi" linkalola dzina limodzi basi.

M'bokosimo analemba malemu mayi ake omubereka. A Salome, mng'ono wa malemuwo, amene anamulera ku Mbayani kuyambira ali ndi zaka zitatu, anagwera m'gulu la "Ena". Kompyuta inawapatsa mpando 186, pafupi ndi sipika.

Pepala la mipando litawapeza, a Salome anakwera minibasi mpaka kuofesi, mpango uli pambali.

"Iwe Vitalis, Ena ndi ndani?"

"Amayi, ndi sisitimu. Imalola mayi mmodzi."

"Nanga wanditchula chiyani apa? Ifunse sisitimu yakoyo, anakuchotsa nyemba m'mphuno ndani? Ngati ndine Ena, kuukwatiko akabwere enawo."

Vitalis anagwidwa ndi mantha, chifukwa a Salome akati sabwera, sabweradi. Anamasula bokosilo kuti lizilola mayina ambiri, n'kulengeza pagulu la banja kuti aliyense amene iye amamutchula amayi alembetse. Apa ndiye anadziputira. Pofika Lachinayi anali ndi amayi 23: aakulu, aang'ono, akutchalitchi, eni nyumba a ku Mpingwe, ngakhale ogulitsa mandasi pageti la ofesi. Kompyuta inawandandalika potsata alifabeti. Mpando wa mayi patebulo lakutsogolo unali umodzi.

A Salome anaimba foni. "Ndamva ndakwezedwa. Nambala 19."

Manyazi atamukwana, Vitalis anabwerera pasikirini. Kenako anawonjezera bokosi latsopano: "Anachotsa nyemba m'mphuno? Inde/Ayi." Anadzaza yekha, akukumbukira a Salome atamutseka mphuno inayo n'kumuuzira mpweya m'kamwa, akulira kuposa mwini nyemba. Atasefa, pasikirini panatsala mzere umodzi.

Tsiku la ukwati a Salome anakhala kutsogolo. Khadi lawo linasindikizidwa monga mmene zinalili mu detabesi: "Salome. Nyemba: Inde." Apongozi anaseka mpaka misozi. A Salome sanaseke nawo. Analipukuta khadilo ndi nsonga ya chitenje, n'kuliika m'Baibulo lawo.