Anafufuta Mzere wa Madzi

Akuti mzinda wathu ndi wopirira. Anatero alendo ovala mataye amene amayendera mizinda ikuluikulu kuona ngati ingalimbe pakagwa zovuta. Ine ndikamva mawu amenewo ndimachita nseru, chifukwa ndikudziwa mmene tinaupezera ulemuwo.

Kwathu kumunsi kwa mzinda, mvula ikachuluka, mapaipi a zimbudzi amatibwezera zonse zimene tinawapatsa. Madzi akuda amalowa m'zipinda, ndipo akaphwa amasiya mzere wofiirira pakhoma. Mzerewo ndi wonyansa, koma ndi umene umatiphunzitsa kukhala. Munthu akamafuna chipinda cha lendi amayamba wayang'ana khoma. Mzere ukakhala m'mawondo, mashelefu amakhoma m'chiuno. Ukakhala m'chiuno, katundu amamupachika kudenga ngati mileme. Khoma likakhala loyera, ndiye kuti madzi safika, basi.

Alendo aja atatsala pang'ono kubwera, akhonsolo sanakumbe ngalande, sanasinthe paipi ngakhale imodzi. Anagula penti. Ntchito yopaka m'dera lathu inagwera amuna anga, munthu wodzitama kuti khoma likadutsa m'manja mwawo ngakhale ntchentche imaterereka.

"Bambo a mwana, mzerewo muusiye," ndinawauza. "Anthu aziona chiyani?"

"Atiuza kuti pasatsale banga, kunja ndi m'kati momwe. Inu mukufuna alendo aziti timakhala m'khola?"

"Nanga timakhala muti?"

Anangoseka n'kunyamula chidebe chawo.

Alendo anabwera, anaona makoma owala, anawomba m'manja n'kukwera ndege. Patapita miyezi, mng'ono wanga, amene ndi telala, anapeza chipinda chosokeramo mumsewu umene sitinkaudziwa bwino. Anachita zimene tonse timachita: anayang'ana khoma, naliona loyera mbee kuyambira pansi mpaka kudenga. Anafunsanso alamu ake ngati m'menemo anapakamo.

"Mlamu, ndapaka zipinda zosawerengeka," anayankha. "Ndingakumbukire chilichonse ine?"

Mng'ono wanga analowa, makina anaika pansi, mashelefu anakhoma m'munsi mosavuta kufikira. Ntchito yake yoyamba m'chipindamo inali diresi la ukwati la mwana wathu wachisamba. Mwanayo analijambula yekha, nsalu anasankha yekha, ndipo poyeza ankaima pagalasi osafuna kuvula. Litatha, mayi ake aang'ono analipinda bwinobwino n'kuliika m'katoni pashelefu.

Mvula inagwa masana, sabata ya ukwati yomweyo, telala atapita kukagula mabatani. Titafika tinapeza madzi ali m'chiuno. Chitseko titachikankha, fungo linatimenya kumaso mpaka ndinasanza pomwepo. Pamwamba pa madzi pankayandama matewera, mapepala a kuchimbudzi, khoswe wotupa, ndi zina zoti sindingatchule munthu akudya. Katoni inali itasungunuka. Diresi linali litafunyululuka, likuyandama pakati pa zonsezo, lofiirira ngati chigamba chokolopera.

Tikutunga madziwo ndi zidebe, panafika bwana wa kukhonsolo atavala majombo atsopano, wojambula zithunzi ali pambuyo.

"Taonani anthu athu," anatero bwanayo. "Salira, sadandaula, angogwira ntchito. Kupirira kumeneku n'kumene dziko likutitamandira. Mayi, tamwetulirani pang'ono."

Chidebe chinali m'manja mwanga, chodzaza. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira dzanja.

Amuna anga anaima pakhomo, akuyang'ana khoma lawo. Penti inali itatupa n'kuyamba kusendeka, ndipo pansi pake mzere wakale unkaoneka bwinobwino, pamwamba pa shelefu ya mng'ono wanga.

"Ndakumbukira," anatero motsitsa. "Muno ndinapaka kawiri. Unkakana kubisika."

Ndinawadutsa pakhomopo n'kukataya madzi a m'chidebe panja.

Diresi tinalichapa ndi sopo, tinaliviika m'mankhwala oyeretsa, tinalitikita ndi mandimu, tinaliyanika padzuwa. Linayera ndithu, moti wosadziwa sakanaganiza kanthu. Koma nsalu yake inali yokhuthala, ya mipindo yambiri, ndipo ikangofunda pang'ono fungo lija linkadzuka. Nthawi yosoka lina panalibe, makinanso anali atadzaza matope. Tinamupezera lobwereka kwa mnzake, koma mwana anapukusa mutu.

"Amayi, langa ndi ili. Ndivala lomweli."

Tsiku la ukwati kunatentha, ndipo m'holo munadzaza anthu mpaka pakhomo. Mwanayo tinamuwaza perefyumu wochuluka, zomwe zinangopangitsa kuti fungo likhale lamitundu iwiri. Ndili kumbuyo ndikumukonza velo, ndinaona apongozi ake akazi akutulutsa kampango n'kuyamba kunamizira chimfine. Mtima unandipweteka kwambiri. Mwana wanga anali wokongola tsiku limenelo, ndipo ankanunkha chimbudzi cha mzinda wonse.

Nyimbo itayamba, bambo ake anabwera atavala suti, namugwira mkono kuti akamupereke. Atangoyandikira, mphuno yawo inakwinyika, ndipo anatembenuzira nkhope kumbali ngati akuyang'ana alendo.

Mwanayo anaima. Sanakweze mawu, koma ine ndinamva.

"Ababa, musatembenuke. Ine ndikhala nalo tsiku lonse. Inu ndi pano mpaka kutsogoloko basi."

Anabweza nkhope pang'onopang'ono, maso ali ofiira, ndipo anayamba kuyenda limodzi. Mizere ya anthu imene ankaidutsa inkakhala chete umodziumodzi.