Kandege ka Pabolodi

Chibwerereni mafoni okhala ndi kamera, wojambula zithunzi ankangokhala pakhomo pa situdiyo yake n'kumaingitsa ntchentche. Mkazi wake anali atanena kale mosapsatira: mwezi uno ukatha popanda ntchito, kamera igulitsidwe, iye akayambe ulonda kugolosale ya mlamu wake. Kamerayo ndi imene inkamuchititsa kudzimva kuti nayenso ndi munthu, ndipo mantha ankamudya.

Nzeru inachokera kwa mlamu yemweyo, katswiri wa zonse amene sanagwirepo kamera chibadwire.

"Alamu, mtengo umodzi umathawitsa anthu. Lembani itatu. Wapamwambawo muukweze mpaka munthu agwire pakamwa, muikemo zinthu zoopsa. Palibe angausankhe. Ntchito yake n'kukankhira anthu pa wapakati."

Wojambula analemba pabolodi. Wotsika unali wa zithunzi zokha, wapakati zithunzi ndi vidiyo. Pa wapamwamba anawonjezera kandege kojambula kuchokera m'mwamba, kamene iye anangokaonapo pa ukwati wa eni.

Mwezi uli pafupi kutha, kunalowa mayi wina, chikwama kukhwapa. Mwana wake wamkazi ankakwatiwa Loweruka. Anayang'ana bolodi n'kuloza pamwamba penipeni.

"Uwu."

Wojambula anafulumira kuloza pakati pa bolodi. "Mayi, wapakatiwu ndi umene anthu ambiri amaukonda."

"Ine si anthu ambiri. Mwana ndili naye mmodzi."

"Komatu kandege kamachita phokoso, abusa amasokonezeka."

"Asokonezeke. Kapena mukundiona ngati sindingakwanitse?" Anatsegula chikwama, ndalama zinaonekera.

Wojambula anaziyang'ana ngati galu wa pabutchala. Akanatha kulandira, Loweruka n'kudzanamizira mphepo kuti yaletsa kandege kuuluka. Koma anaganiza za mkwatibwi atakweza maso kumwamba, akudikira chinthu chosabwera, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Mayi, kandege ndilibe. Ndinangolemba kuti wapakatiwu uzioneka wotchipa. Koma kujambula ndimatha, taonani pakhomapa. Ndikuchotserani, ngakhale theka. Chonde, ndagwira mwendo wanu."

Mayiyo anatseka chikwama pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Zithunzi zanu n'zabwino, bambo, n'chifukwa chake ndinalowa. Mukanalemba mtengo umodzi, bwenzi pano tikupangana nthawi yofikira. Tsono ndidziwa bwanji kuti vidiyoyo ndiye yoona?"

"Ndi yoona, mayi! Dikirani ndikuonetseni!"

Anathamangira kuseri kwa katani kukatenga kamera. Lamba wa kamera anakola pamsomali, iye n'kulimbana naye mpaka kumudula. Pamene ankatuluka, mu situdiyo munalibe munthu. Anafika mpaka pamsewu atanyamula kamera m'mwamba, akukuwa, "Mayi! Mayi!"

Amene anatembenuka ndi bambo wogula katundu wakale kutsidya kwa msewu.

"Aneba, mwaganiza zogulitsa? Mukuti zingati?"