Ng'ombe ya pa Thumba la Feteleza

Angella anasiya kuyankhula tsiku limene ngolo inagubuduzika pa kamlatho ka kudambo n'kupsinja bambo ake, a Masautso. Mwanayo anali momwemo, pamwamba pa matumba a feteleza wa makuponi, ndipo anatuluka wopanda ngakhale kabala, koma pakamwa panatsekeka. Mayi ake, Lefina, anapita naye kuchipatala cha paboma, anapita naye kwa abusa, anapitanso kwina kumene mayi wa mvano sauza anzake kuti wapitako. Konseko yankho linali limodzi: lilime lili bwinobwino, dikirani. Anadikira chaka ndi miyezi itatu. Chimene ankapempha kwa Mulungu sichinali chachikulu, ankangofuna kumvanso mwana wake akuti "amayi".

Ku Chulu, fodya akafika pothyola, munthu alibe maso oyang'anira mwana. Uthyole mame asanaume, usenze, usoke, upachike m'chigafa, mawa uyambirenso. Tsono Lefina anayamba kumusiya Angella ku mkombaphala umene unkachitikira m'tchalitchi chakale. Amene ankaphunzitsa kumeneko anali Consolata, mtengwa wochokera ku Njombwa, mkazi wa Watson amene anali ku Joni. Anali mtsikana wa Folomu 4, woseka msanga, ndipo ntchitoyo ankaigwira ulere. Mapepala kunalibe, choncho anapempha makolo matumba otha a feteleza. Ankawang'amba, kuwachapa, kuwatembenuza, ana n'kumajambulapo ndi makala. Lefina anaperekako awiri, ndipo zimene ankadziwa n'zoti mwana akubwerako ndi manja akuda bii, basi.

Masana ena a mwezi wa Malichi, Lefina ali m'chigafa ndi singano m'manja, anamva mawu kuseri. Anali mawu aang'ono, osasa ngati a munthu wodzuka kumene.

"Dzuka, Bantomu. Dzuka!"

Singano inagwa. Anazemba pang'onopang'ono n'kusuzumira pakati pa masamba. Angella anali atagwada, thumba atayala pansi, ndipo pathumbapo panali ng'ombe ya nyanga zazitali ndi miyendo isanu. Mwanayo anaiuzira mpweya katatu, anaiwaza kadothi pamsana, kenaka anaiitananso. Bantomu linali dzina la ng'ombe ya malemu bambo ake, imene inkakoka ngolo tsiku lija.

Apa ndiye pondipweteka ine wokamba nkhaniyi. Mayi wina akanagwada pomwepo n'kulira ndi chimwemwe. Koma zaka zimenezo nkhani ya mfiti zophunzitsa ana inali m'kamwam'kamwa. Pachigayo, pamjigo, podikira makuponi, aliyense anali ndi mdzukulu wa msuweni wake amene anaulula kuti amauluka. Lefina atamva mawu amene anawalirira chaka chonse, chimene chinamugwira ndi mantha. Anatulukira, anatsomphola thumba lija, n'kumumenya mwanayo padzanja.

"Wakuphunzitsa zimenezi ndani? Nena!"

Angella anangomuyang'ana. Lefina anapita nalo thumba kukhitchini n'kuliponya pamoto, ndipo linasungunuka ndi fungo loipa.

Akanagona nayo nkhaniyo, mwina bwenzi mawa atakafunsa Consolata mwiniwake. Koma anakauza Enelesi, mnzake wa mvano woyandikana naye nyumba, ndipo kuuza Enelesi n'chimodzimodzi kuimba belu la tchalitchi. Pofika Lachisanu, mayi aliyense anali atapeza chake. Wina mwana wake ankajambula mbalame koma maso n'kumaika pomalizira, ati ukayamba ndi maso imathawa usanamalize mapiko. Wina anapeza mwana akugogoda nsomba yojambula ndi bango. Wina mwana wake anamuuza kuti ndege yake imadzuka ukaizungulira kasanu ndi mwendo umodzi. Mawu oti ndege atangomveka, nkhani inatha yokha.

Komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano Loweruka m'mawa, pabwalo la tchalitchi chakale chija. Anthu amene sabwera kukaumba njerwa za sukulu anabwera onse, ena atasiya fodya akufota pansi. Wapampando, bambo Alick Mwale, anali munthu wofatsa amene vuto lake linali lofuna kukondweretsa aliyense. Anamuimiritsa Lefina kuti afotokoze, ndipo anafotokoza bwino ndithu, mpaka kuonetsa mmene mwana ankauzirira mpweya. Azimayi anawomba m'manja mwachisoni.

Consolata anaima atagwira kope lachikuto chofiira. Sanali kuseka tsiku limenelo.

"Makolo anga, ndi masewera chabe," anatero. "Timati Dziko la pa Thumba. Mwana aliyense amajambula chinthu chake, ndiye timayerekeza kuti tili pa ulendo wokapulumutsa mvula imene yabedwa ndi chimphona. Tikafika pamtsinje, wa nsomba amadzutsa nsomba yake kuti itiwolotse. Tikafika paphiri, wa mbalame amadzutsa mbalame. Palibe chimadzuka zenizeni, thumba limakhala thumba. Njira zodzutsirazo ndimazipeka ndekha, ndipo ndinazilemba umu."

"Mwamva? Analemba!" anakuwa Enelesi. "A tcheya, landani bukulo!"

Bambo Mwale analandira kopelo ndi nsonga za zala, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Tsamba lililonse linali ndi dzina la mwana pamwamba, ndipo dzina lililonse likatchulidwa mayi wake ankagwira mutu.

"Lonjezo. Sadziwa kuwerenga kupitirira pa zitatu. Ndege yake izidzuka akaizungulira kasanu, akuwerenga." Anatembenuza tsamba. "Maliya. Amathamangira, samaliza chimene wayamba. Mbalame yake aziika maso pomalizira." Anthu sanali kumvetsera zimenezo. Ankangomva maina a ana awo m'buku la mlendo, ndipo phokoso linkakulirakulira.

"Angella," anawerenga bambo Mwale. Lefina anali pafupi, pamphasa yakutsogolo, choncho anamva liwu lililonse. "Sayankhula. Ng'ombe yake isadzuke ndi mpweya wokha kapena dothi lokha, izidikira mpaka aiitane dzina. Anzake onse aziima kudikira ng'ombeyo kuti ikoke ngolo, asamukakamize. Sabata yoyamba, palibe. Sabata yachitatu, wagwedeza milomo. Lolemba, wanong'ona liwu limodzi, ndinatuluka panja kukalira. Lachinayi, mawu atatu. Mayi ake ndisawauze msanga. Sabata ya mawa tidzajambula munthu wamkazi ali m'chigafa, woti sadzuka mpaka umuitane kuti amayi. Akazolowera, adzakawaitane yekha kunyumba."

Lefina anaweramitsa mutu. Anamvetsa zonse nthawi imodzi, ndipo manyazi amene anamugwira anali oti akanatha kulowa pansi. Anadzutsa maso n'kupeza Consolata akumuyang'ana. Mtsikanayo sanamuyang'ane mwaukali ayi, zikanakhala bwino akanatero. Anamuyang'ana modikira, ngati munthu amene akudziwa kuti tsopano mnzake aimirira.

"Mwamva nokha!" Enelesi anali ataima kale. "Amafuna kujambula amake Angella! Akanawajambula, bwenzi lero tikukumba manda!"

Bwalo lonse linagwedezeka. Bambo Mwale anakweza dzanja. "Amake Angella, nkhaniyi munaibweretsa ndinu. Muli ndi mawu owonjezera?"

Mawu anali nawo. Akanangonena kuti ndinalakwa, mtsikanayu wandichiritsira mwana. Koma anayang'ana azimayi a mvano amene anamusenzera chimanga pamaliro a mwamuna wake, amene ankamuthandiza kusoka fodya chaka chino. Anakumbukira mmene anaonetsera kauziridwe ka mpweya mphindi zochepa zapitazo, anthu akumuwombera m'manja. Anaganizanso kuti woikira kumbuyo mfiti amamufunsa kuti nanga iwe umadya nayo chiyani. Anakonza mpango kumutu, ngakhale unali bwinobwino.

"Ndilibe, a tcheya," anatero.

Sanamumenye Consolata, ndipo anthu a kumeneko mpaka lero amadzitama nazo zimenezo. Anangogwirizana kuti mkombaphala utsekedwe, matumba onse atenthedwe, ndipo apongozi ake amubweze kwawo mpaka mwamuna wake adzabwere. Kope lija analiponya pamoto womwewo. Lolemba m'mawa mlamu wake anamukweza panjinga, chikwama pamiyendo. Njira yake inkadutsa kuseri kwa chigafa cha Lefina. Iye anamva kulira kwa tcheni, anadziwa kuti ndi ndani, ndipo analowa mkati mwenimweni mwa chigafa n'kuima pakati pa fodya wonyowa mpaka njingayo itapitirira.

Masiku otsatira anayesa kukonza yekha. Anachapa thumba, anatola khala, n'kujambula chinthu chimene iye ankati ndi ng'ombe. Anachita zimenezi kuseri kwa nyumba, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Anamuitana Angella, anauzira mpweya katatu, anawaza dothi.

"Taona, mwanawe, ikukana kudzuka. Tandithandiza, uiitane."

Angella anayang'ana thumbalo, anayang'ana mayi ake, kenaka anabisa manja onse awiri kumbuyo. Lefina anayesanso mawa lake ndi mkuja. Tsiku lachinayi mwanayo atangoona thumba anathawira kwa agogo ake, ndipo Lefina anakhala pansi pomwepo n'kulira mosatulutsa mawu, kuopa kuti Enelesi angamve. Madzi akatayika saoleka.

Lamulungu la Pasaka, anthu akutuluka m'tchalitchi, azimayi anamuzungulira. Chiyambire nkhani ija ankamupatsa ulemu wachilendo, mpaka anamusankha kukhala wothandiza mlembi wa mvano. Angella anali ataima pambali pake atagwira nsonga ya chitenje.

"Nanga mwanayu ali bwanji tsopano?" anafunsa mayi wina wachikulire. "Akumayankhulabe zija?"

"Ayi," anatero Lefina. "Sakuyankhula."

"Olo pang'ono?"

"Olo pang'ono."

Enelesi anawerama, anamugwira mwanayo chibwano n'kumutembenuzira kwa anzake. "Mukumuona? Ali phee ngati kale. Wachira ameneyu! Mayi inu mwapulumutsa mudzi wonse, Mulungu akudalitseni."

Azimayi anayamba nthungululu. Mmodzimmodzi ankabwera kudzamugwira chanza, ndipo Lefina, mwana wake ali chete pambali pake, anayankha aliyense kuti zikomo.